Mwala woimba mluzu sumveka pafoni

Ku Nabvutika wojambula wabwino ndi amene chithunzi chake chafanana ndi mwini wake. Koma amene anaimapo pafupi ndi ntchito za Henry Tayali, Fanizani Akuda kapena Samson Kambalu amabwerako ndi muyeso wina. Chimasintha n'chiyani munthu akaona luso lamakono ndi maso ake?

Zojambula sizisowa m'tinjira ta ku Nabvutika, imodzi mwa makomboni odzaza anthu mumzinda wa Chipata. Pakhoma la kanyumba kometera pali mitu ya anyamata, wina wometa m'mbali mokha, wina wampala. Pabutchala pali ng'ombe yonona yoyang'ana kumsewu. Pamalo omwera mowa pali botolo la thovu losefukira, ndipo pasukulu ya mkaka pali njovu, nyalugwe ndi zilembo zamitundumitundu. Ojambula ake ndi ana a m'dera lomweli. Amamangirira zitini za penti pakaliyala, amagwirizana mtengo ndi mwini khoma, dzuwa likamapendeka ntchito yatha.

Muyeso wa ntchito yawo ndi umodzi, ndipo aliyense amaudziwa: kufanana. Ng'ombe ikatuluka ndi nkhope ya galu, mwini butchala salipira. Mnyamata wa pensulo akapatsidwa chithunzi cha malemu agogo kuti achikulitse papepala, abale amachizungulira n'kumati, "Koma ndi iwowo ndithu, ngakhale kachipsera kapachipumi kalipo!" Zikatero ndiye kuti wojambulayo ndi katswiri. Ndipo n'zoona, ntchitoyo imafuna diso lakuthwa ndi dzanja losanjenjemera.

Tsono anthu omwewa akaona pa Facebook chinsalu chopakidwa mitundu yosokonekera, pansi pake atalemba kuti chagulidwa ndi ndalama zokwana kumangira chipatala, phwete limabuka. "Ichi ndiye chiyani?" "Ngakhale mwana wanga wa giredi 2 angapake zimenezi." "Azungu ndalama zangowachulukira." Mawu amenewa mudzawamva m'makomboni a Kapata, Mchini ndi Magazine, ngakhale m'maofesi a anthu ophunzira.

Komatu mlanduwu umagamulidwa pa kanthu kosaposa chikhatho, kowala kuseri kwa galasi la foni. Ambiri mwa oweruzawo sanaimepo pafupi ndi ntchito yeniyeniyo. Amene anaimapo sikuti onse amatuluka atakonda zimene aona. Ena amatuluka akupukusabe mutu. Chimene chimasintha ndi funso. Munthu amalowa akufunsa kuti, "Chafanana ndi chiyani?" Amatuluka akufunsa kuti, "Mwini wake amafuna kundiuza chiyani, ndipo anasankhiranji njira imeneyi?"

Zimene foni imameza

Choyamba chimene foni imameza ndi msinkhu. Pagalasi lake, chithunzi chotalika kuposa chitseko ndi china chokwana m'thumba la malaya zimaoneka zofanana. Chinsalu chachikulu ukachiyandikira chimadzaza maso onse. Umabwerera m'mbuyo kuti uchione chathunthu, kenaka umasenderanso pafupi kuti uone tating'onoting'ono. Kupita ndi kubwera kumeneko wojambula anakuganizira kale pamene ankasankha kukula kwa chinsalu chake.

Chachiwiri ndi kukhakhala. Penti wamafuta sagona mosalala monga amaonekera pafoni. Pena waunjikana mpaka kutumphuka, pena wapalidwa ndi mpeni, pena wojambula anakwirira chimene anayamba n'kupakanso china pamwamba, koma chakalecho chikusuzumirabe pansi. Apa m'pamene mawu aja akuti "ngakhale mwana angapake" amayamba kuvuta kutuluka, pakuti maso akuona okha kuti munthu anakhalira chinsalucho masiku ambiri, akusankha, akukana, akubwereza.

Chachitatu ndi kumbuyo. Chosema chili ndi msana, ndipo kamera imaonetsa mbali imodzi yokha, imene wojambula chithunziyo anaikonda. Ukachizungulira chimasintha, ndipo mthunzi wake wam'mawa si wamadzulo. Chitsulo chimanunkha dzimbiri, mlombwa uli ndi fungo lake, mwala umazizira m'manja kumene amalola kukhudza.

Chachinayi ndi nthawi. Pafoni chala chimakankha chithunzi diso lisanakhazikike, poti bandulo ikutha ndipo pansi pali zina zodikira. M'chipinda choonetseramo zaluso mulibe chokuthamangitsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito zambiri zamakono sizionetsa kanthu kwa munthu wongodutsa.

Anthu a kuno safunika kuwauza zambiri pa mfundo imeneyi. Aliyense amene anaonerapo gule pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kumapeto kwa Ogasiti, amadziwa kuti kavidiyo ka pa WhatsApp sikanyamula fumbi, kugunda kwa mbalule pachifuwa, kapena liwiro la ana othawira kumbuyo kwa amayi awo. Palibe Mchewa angalole mlendo kuweruza gule ataona kavidiyo ka mphindi imodzi. Nanga ifeyo timagamuliranji ntchito za anzathu mwa njira yomweyo?

Womaliza maphunziro wopanda nkhope

Kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pamsewu wa Great East. Basi ikamalowa mumzinda imadutsa pachipata cha University of Zambia, ndipo mkati mwa sukuluyo muli chosema chimene ophunzira amakonda kujambulitsirapo tsiku lolandira madigiri. Dzina lake ndi The Graduate. Ndi munthu wovala mkanjo ndi chipewa cha omaliza maphunziro, buku kudzanja lina, khasu kudzanja linalo. Nkhope yake ndi yosalala, yopanda zizindikiro zoti n'kumudziwa kuti ndi uje.

Kwa woyesa ndi kufanana, ntchito imeneyi sinathe. Koma ukaima patsinde pake chifukwa chake chimaonekera chokha. Nkhopeyo ikanakhala ya munthu mmodzi, chosemacho chikanakhala cha munthu mmodziyo ndi abale ake. Popeza ilibe mwini, mwana wa ku Nabvutika, wa ku Mongu kapena wa ku Kasama angathe kuikapo yake.

Anachipanga ndi Henry Tayali, yemwe anabadwira ku Serenje mu 1943 n'kukulira ku Bulawayo. Anaphunzira zaluso ku Makerere, m'dziko la Uganda, kenaka ku Düsseldorf, ku Germany, ndipo atabwerera kumudzi anagwira ntchito pa yunivesite yomweyi. Anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 43 zokha. Ntchito yake yotchuka kwambiri ndi chithunzi chotchedwa Destiny, chodzaza ndi khamu la anthu ogwira ntchito pakati pa nyumba zitalizitali za mumzinda. Chinali chitapita ku Britain, ndipo bungwe la Lechwe Trust ndilo linachigula n'kuchibweza kuno. Bungweli analiyambitsa mu 1986 Tayali yemweyo pamodzi ndi Cynthia Zukas ndi Bente Lorenz, pofuna kuti ntchito zabwino za ojambula a m'Zambia zisathere m'nyumba za alendo kunja. Mu 2018 linatsegula nyumba yake yoonetseramo zaluso ku Lusaka.

Woona ntchito za Tayali zoyambirira pamodzi ndi za kumapeto kwa moyo wake amaphunzira chinthu chimodzi chofunika. Munthuyu kufanizira ankakutha bwino lomwe. Koma m'kupita kwa zaka anthu a m'zithunzi zake, a m'misika ndi m'malo omwera mowa, anayamba kusungunukira m'mitundu, mpaka sungaloze kuti uyu wathera apa, mnzake wayambira apa. Sanaiwale kujambula. Anasiya dala, chifukwa chimene ankafuna kuonetsa sichinali nkhope ya munthu mmodzi koma piringupiringu wa anthu osauka m'tauni: kupanikizana, phokoso, kutopa. Ganizo loti ojambula amakono amapotoza zinthu chifukwa cholephera limagwa pamenepa.

Mu Lusaka momwemo munthu angathe kuyerekeza njira ziwirizi masana amodzi. Pamsewu wa Independence pali Freedom Statue, mwamuna wodula maunyolo, yemwe anaimikidwa mu 1974 pokumbukira zaka 10 za ufulu. Anamuumba ndi James Butler wa ku Britain, ndipo minofu ndi nkhope zonse ndi zofanana ndi za munthu. Pafupi pomwepo pali Lusaka National Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1996, ndipo imasunga zithunzi ndi zosema za Azambia amakono. Ku Showgrounds kuli nyumba ya zaluso yotchedwa dzina la Tayali. Wodula maunyolo uja amakuuza uthenga wake usanaime n'komwe. Zam'kati mwa nyumbazo zimafuna kuti nawenso ugwireko ntchito.

Mchewa wa ku Tengenenge

Pakati pa amisiri amene anatchukitsa zosema zamiyala za ku Zimbabwe pali Mchewa wobadwira kuno ku Zambia. Fanizani Akuda, wa mfunda wa Phiri, anabadwa mu 1932, dziko lino likutchedwa Northern Rhodesia. Kusukulu sanapiteko. Mu 1949 anawoloka Zambezi kukafuna ntchito, monga ankachitira anyamata ambiri a kum'mawa kuno masiku amene Chipata inali Fort Jameson. Anatolako thonje, anamangako nyumba, analukako madengu.

Mu 1966 anafika ku Tengenenge, pafupi ndi Guruve, kumpoto kwa Harare. Mwini famuyo, Tom Blomefield, anali mlimi wa fodya amene malonda ake anasokonekera maiko atayamba kukana katundu wa boma la Ian Smith. Pafamupo panali mwala wabwino wosema, choncho Blomefield analimbikitsa antchito ake kuti ayese kusema. Ambiri mwa iwo anali machona ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola. Akuda anayamba ndi kukumba miyala yoti ena aseme, kenaka anagwira yekha nyundo ndi tchizulo.

Anthu ake ndi a mitu yobulungira, nkhope zomwetulira, maso ongong'amba kamzere. Amakonda kukhala awiriawiri kapena banja lathunthu, atakumbatirana. Koma zimene zinamutchukitsa kwambiri ndi mitu yoimba mluzu. Pakamwa pa mutu wotere pali kabowo koboola pakati penipeni, ndipo ukagogoda pabowopo ndi chala chachikulu, mwalawo umatulutsa kamawu. Pachithunzi cha pafoni ungoona mutu wamwala wokhala ndi kabowo, n'kumati mmisiri analephera kusema milomo. Uyenera kukhalapo, chala chako chikhudze, khutu lako limve, kuti udziwe kuti chosemacho sichinapangidwire maso okha.

Akuda anamwalira mu 2011, ntchito zake zitaonetsedwa m'maiko ambiri a ku Ulaya ndi ku America. Ogulitsa ankazitcha zosema za Ashona, ngakhale mwini wake sanali Mshona. Palibe mphunzitsi wa ku Paris anamuuza kuti maso a munthu angathe kukhala kamzere chabe. Nzeru imeneyo anachoka nayo kwawo.

Makolo sankafanizira

Kwawoko n'kuno, ndipo umboni uli m'mapiri a chigawo chino. M'mapanga monga a Thandwe, m'dera la Chipata, ndi Mkoma, cha ku Katete, muli zojambula za makolo zimene boma limaziteteza. Wofukula zakale David Phillipson anafufuza mapanga a Thandwe, Makwe ndi Kalemba m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Kutsidya kwa malire, ku Chongoni m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula zotere, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006.

Zojambula zakale kwambiri za m'dera lonseli ndi zofiira: mizere, timadontho, zozungulira zolowana. Ofufuza amati ndi za Akafula, amene anali kuno Achewa asanafike. Zoyera, zopakidwa ndi chala, ndi za makolo a Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali ndi nyau. Pa zonsezi palibe chimene chimayesa kufanana ndi nyama kapena munthu monga chimachitira chithunzi cha kamera. Zinali zizindikiro zophunzitsira, zoti wodziwa aziwerenga ndipo wosadziwa adutse.

Za kudambwe sitiulula m'nyuzipepala, koma zimene zimatuluka pabwalo aliyense amaziona. Chadzunda ndi wakuda bii, wamakwinya ozama kuposa a nkhalamba iliyonse. Simoni ndi wofiira psuu, ndipo anthu amati amanyogodola mzungu wopsa ndi dzuwa. Kasiyamaliro ali ndi nyanga ndi msana wopindika, koma palibe mlenje anakumanapo ndi nyama yotero kuthengo. Palibenso amafunsa kuti, "Kodi Chadzunda wafanana ndi yani?" Aliyense amadziwa kuti kukokomeza kumeneko ndiko kumanyamula mwambo. Mu 2005 UNESCO inalengeza gule wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kukhala chimodzi mwa zaluso zapamwamba za mtundu wa anthu.

Ojambula a ku Ulaya anafika mochedwa pa nzeru imeneyi. Mu 1907 Pablo Picasso analowa m'nyumba yosungiramo zinthu za mitundu ya anthu ya Trocadéro ku Paris, n'kuona zigoba ndi zosema zochokera ku Africa ndi kuzilumba za kutali. Chaka chomwecho anamaliza chithunzi chotchedwa Les Demoiselles d'Avignon, chotalika mamita oposa awiri, chimene lero chili ku Museum of Modern Art ku New York. Akazi awiri a kudzanja lamanja la chithunzicho ali ndi nkhope zonga zigoba. Zimene Picasso anaona sizinali za Achewa, koma mfundo yake ndi yomwe ija ya pabwalo la gule: nkhope ingathe kunena zoona popanda kufanana ndi munthu. Ndipo onani kuti iyenso anasinthika ataima pafupi ndi zinthuzo, osati atamva mbiri yake.

Choncho muyeso wa kufanana, umene ambiri timauyesa wachikhalidwe chathu, ndi wobwera. Unafika ndi zithunzi za m'mabuku a mishoni, makalendala ndi kamera. Chimene timachitcha chachizungu m'nyumba za zaluso nthawi zambiri chili pafupi ndi Mkaika kuposa ndi London.

Mfuti, zitsekerero ndi chipewa

Chinanso chimene chimagwedezeka munthu akaona ntchito zamakono ndi ganizo loti luso limafuna zipangizo zogula kusitolo. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene inathamangitsira anthu ambiri kuno mpaka kukakhala ku Ukwimi, kumene panthawiyo kunali m'boma la Petauke, inatha mu 1992 n'kusiya mfuti zosawerengeka m'midzi. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya m'dzikolo anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Mfutizo ankazidula, ndipo amisiri a ku Maputo ankaziwotcherera n'kupanga zosema. Mu 2001 Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, anapanga mpando wa mfuti zokhazokha, umene lero uli ku British Museum. Pachithunzi ndi mpando wachitsulo basi. Pafupi umaona mipope, zogwirira zothetheka ndi manja a anthu, ndipo umakumbukira kuti chilichonse mwa zidutswazo chinalozedwapo kwa munthu.

El Anatsui, wobadwira ku Ghana mu 1944, yemwe anaphunzitsa zaka zambiri ku Nsukka m'dziko la Nigeria, amatola zitsekerero za mabotolo a mowa, kuziphwatalala n'kuzilumikiza ndi waya wa kopa. Zimatuluka nsalu zachitsulo zokwana kuphimba khoma la nyumba yosanja. Mu 2023 anazipachika m'holo yaikulu ya Tate Modern ku London. Patali zimanyezimira mwaulemerero. Ukasendera umawerenga maina a makampani a mowa. Ntchitoyo ili pakati pa kuona kwapatali ndi kwapafupi, ndipo foni imakupatsa kumodzi kokha.

Kufupi kuno, ku Mfuwe, amayi a pa Mulberry Mongoose amapanga mikanda ndi zibangili kuchokera ku mawaya a misampha yotoledwa kuthengo la Luangwa. Ndipo ku Nabvutika komweko, mwana amene amapinda waya n'kutulutsa galimoto ya chiwongolero chachitali, matayala ake a zitsekerero, akuchita kale chimene amisiri otchukawa amachita: kuona chinthu china m'kati mwa chotayidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe anamuuzapo kuti ntchito yakeyo ili ndi abale ake m'nyumba zikuluzikulu za zaluso.

Samson Kambalu, Mmalawi wobadwa mu 1975, yemwe anaphunzira ku Chancellor College ku Zomba ndipo amaphunzitsa ku Oxford, anayamba kudziwika mu 2000 ndi mpira wamiyendo womatidwa masamba a Baibulo. Ankauika poyera kuti ofuna aumenye. Ena anaumenya, ena anakana, ena anakwiya, ndipo kukayika kwa phazi la munthu aliyense ndiko kunali ntchito yeniyeniyo. Mu Sepitembala 2022 chosema chake chotchedwa Antelope chinaimikidwa pa Trafalgar Square, pakati pa London, n'kukhalapo mpaka 2024. Anachitengera pa chithunzi cha mu 1914 cha Mbusa John Chilembwe ataima ndi mmishonale John Chorley. Chilembwe wavala chipewa, pa nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anasiya Chorley pa msinkhu wa munthu wamba, koma Chilembwe anamukulitsa pafupifupi kawiri. Pafoni ndi amuna awiri a zipewa. Pabwalopo, mdzukulu wa atsamunda ankayenera kupendeketsa khosi kuti aone nkhope ya Chilembwe. Uthenga wonse unali mu msinkhu.

Si zonse zili m'nyumba ya zaluso n'zabwino

Tisanamizane. Kuona ndi maso sikusandutsa chilichonse kukhala chamtengo wapatali. Muli ntchito zaulesi m'nyumba za zaluso monga muli nyimbo zaulesi pawailesi, ndipo mitengo ina imene timaimva imanena zambiri za msika wa anthu olemera kuposa za luso. Mkangano umenewu ndi wakale. Mu 1917 Marcel Duchamp anatenga chokodzeramo cha m'chimbudzi, n'kulembapo dzina lopeka, n'kuchitumiza ku chionetsero ku New York. Okonza chionetserocho sanachionetse, ndipo mpaka lero anthu amatsutsanabe ngati chinali nzeru kapena chipongwe. Munthu ali ndi ufulu wonena kuti ntchito ina sinamusangalatse. Chofunika n'chakuti anene ataiona.

Palinso zotchinga zimene eni nyumba za zaluso ayenera kuzivomereza. Makoma oyera mbee, zolemba za m'Chingerezi chovuta, alendo oyankhula motsitsa mawu: zonsezi zimauza munthu wa m'komboni kuti malo ano ndi a apamwamba. Ena amaopa kulowa poganiza kuti akalowa ayenera kugula. Enanso, chifukwa cha chiphunzitso cha kutchalitchi, amayesa chosema chilichonse fano, ndipo chigoba chilichonse chiwanda. Nkhawa zimenezi sizithetsedwa ndi kunyoza. Zimatha munthu akalandiridwa pakhomo m'chiyankhulo chake, n'kuuzidwa kuti kuyang'ana sikugula ndipo sikupembedza.

Ndipo wojambula ng'ombe pabutchala asaonedwe wotsika. Ndiye amadyetsa ana ake ndi bulashi, chinthu chimene ambiri a madigiri a zaluso chimawakanika. Chimene akusowa si luso koma mpata woona kuti dzanja lomwelo lingathe kunenanso za iye mwini: za mzere wa zigubu pampopi, za matope a m'nyengo ya dzinja, za anyamata a njinga zonyamula anthu amene amadzuka nkhuku zisanalire. Wogula khoma sadzamupempha zimenezo. Ayenera kuziona kwa anzake kuti adziwe kuti n'zotheka.

Chipata ichitepo kanthu

Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017. Mzinda si misewu ya phula ndi masitolo akuluakulu okha. Dzina la luso lamakono lilipo kale kuno: bungwe la Zambia National Visual Arts Council linatcha malo ake a ku Chipata dzina la Martin Phiri, mmisiri wa zosema amene anaphunzira ku China, anaphunzitsa pa Evelyn Hone College, ndipo anayambitsa nawo bungwelo kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pamodzi ndi William Miko ndi Agnes Buya Yombwe. Koma ntchito zikuluzikulu za dziko lino zili ku Lusaka ndi ku Livingstone, ndipo mwana wa ku Nabvutika wophunzira zojambula amaziona, ngati waziona n'komwe, pa kachithunzi kakang'ono ka m'buku kapena pafoni ya mphunzitsi.

Zothetsera vutoli si zodula kwambiri. Chaka chilichonse mu Febuluwale anthu zikwizikwi amasonkhana ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala, ndipo mahotela a m'tauni amadzaza. Sabata imeneyo osunga zaluso a ku Lusaka angathe kubweretsa zithunzi ndi zosema zingapo n'kuziika m'holo ya sukulu kapena ya khonsolo, zolemba zake zili m'Chinyanja, khomo lili lotseguka kwa aliyense. Chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda cha chigawo chino chingapatule chipinda cha ojambula a m'makomboni, kuti apachike zimene anajambula popanda wowatuma. Makomiti oyendetsa ndalama za chitukuko za CDF, amene amathandiza magulu a achinyamata, akumbukire kuti penti, zinsalu ndi makina owotcherera nazonso ndi zipangizo za ntchito.

Aphunzitsi nawo asadikire Lusaka. Mapanga a Thandwe ali m'dera lathu lomwe lino. Kudzera pachipata cha Mwami, munthu angathe kukafika ku Chongoni, ndiponso ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, ndipo kuli zigoba za gule mazanamazana pamodzi ndi zosema za amisiri a lero. Ulendo umodzi wotere ungaphunzitse kalasi zimene choko sichingathe m'chaka chathunthu.

Inunso owerenga, mukadzapita ku Lusaka kukaoda katundu ku Kamwala kapena kukaona abale, patulani ola limodzi. Lowani ku Showgrounds, ku Lechwe Trust kapena ku Lusaka National Museum, ndipo ngati muli ndi mwana mutengeni. Sankhani ntchito imodzi imene simukuimvetsa, muime nayo, muiyang'ane patali ndi pafupi, mufunse amene akuyang'anira. Mukatero muli ndi ufulu wonse woiyamikira kapena kuikana, chifukwa mlanduwo mudzakhala mwauzenga mwini wake alipo.